Zikhadabo za Alamu Anga

Ndili ndi kabaraka kafotokope pafupi ndi malire a Milange. Tsiku lina ndinasiyira kabarakako alamu anga, a Zakariya, ine ndikupita kumaliro ku Mongue. Pobwera ndinapeza pulinta yakana ntchito, ikuti inki yatha. Chonsecho dzulo lake ndinali nditathiramo ndekha inki yakumsika ndi jakisoni.

"Alamu, mwapopa inki yanga eti?"

"Ndipite nayo kuti? Ndikathire m'ndiwo?"

Sindinaseke. Ndinawagwira manja n'kuyamba kuwayang'ana m'zikhadabo, makasitomala akuonerera.

Mmisiri wa ku Muloza atatsegula pulintayo, anapeza kabotolo ka inki kali kodzaza tho. Akuti pali kachitsulo kowerenga mapepala, ndipo akakwana kamatseka makina mpaka ugule kabotolo kena ka kampani yomwe inapanga pulintayo.

Kunyumba ndinanama kuti vuto linali waya. Alamu sindinawapepese mpaka lero.

Pulinta ija tsopano ndimaiyang'ana cham'mbali ngati kazitape. Ndinagula ndine, koma imamvera munthu amene sindinamuonepo. Alamu nawo akabwera kudzadya, amasamba m'manja bwinobwino, n'kunditambasulira zala zonse khumi.