Chaka Chimene Anabwereka Dimba la Amayi

Chikombole chija chinali cha thabwa la mkungudza, cha zipinda ziwiri, chosalala m'mbali chifukwa cha manja a anthu ambiri. Ndinachiona koyamba chili pa njinga ya amalume, tsiku limene anabwera ndi anthu oumba njerwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinachisirira kwambiri.

Kwathu, kumtunda kwa Lisungwi, tinali ndi dimba m'mphepete mwa khwawa, la dothi lakuda lonona. Pakati pake panali chitsime chosaphwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Bambo anali atamwalira, choncho dimbalo ndilo linali mwamuna wa m'nyumba. Chimanga cha kumunda chinkatithera msanga, ndipo chimene chinkatiwolotsa miyezi ya njala ndi chimanga, mpiru ndi maungu za m'dimbamo.

"Angobwereka, achemwali, chilimwe chimodzi basi," anatero amalume. "Mlendo ndi mame."

Amayi anavomera. Mwini mbumba sakanidwa pamaso pa alendo, komanso mawu oti kubwereka ankawadziwa bwino. Kwathu munthu akabwereka munda amalima, n'kukolola, n'kubweza mundawo pamodzi ndi dengu la chimanga lothokozera. Sanafunse kuti woumba njerwa amakolola chiyani. Ine lero ndikudziwa kuti amalume ankadziwa, ndipo sindinawakhululukire.

Oumba njerwa aja anayamba ndi kuzula mpiru umene unali utangophuka. Kenaka makasu analowa pansi, mpaka munthu ankaonekera chifuwa chokha. Madzi a pachitsime ankathera m'matope, moti amayi akafika ndi ndowa ankapeza nsenga zokhazokha, n'kuuyamba ulendo wa kumtsinje, mng'ono wanga ali kumbuyo. Koma ine ndinkasangalala, ndisaname. Tikaweruka kusukulu tinkathamangira kukaponda matope. Ankatuluka pakati pa zala ozizira bwino, akulira kuti fwa, fwa. Ndinapondaponda chakudya changa chomwe, kwinaku ndikuimba.

Atawotcha mauvuni, utsi unakhala m'mudzi masiku angapo, ndipo nkhuni zake zinali mitengo ya m'khwawa lija. Malole anabwera n'kunyamula njerwa kulowera ku Zalewa, akuti zikamange mpanda wa munthu wina m'tauni.

Mvula itayandikira, mkulu wa oumba aja anafika pakhomo, chipewa chili m'manja, mwaulemu ndithu.

"Mayi, tabweza dimba lanu. Zidutswa zatsalazo tengani, n'zothokozera."

Tinapita kukaona. Malire onse analipo, palibe anasuntha ngakhale mwala umodzi. Koma m'kati munali maenje okhaokha, pansi pake pali nsangalabwi, ndipo pamene panali mauvuni nthaka inali yofiira, yolimba ngati phale. Chitsime chinali chitagumukira m'dzenje. Amayi anatema khasu kamodzi, linalira kuti ngwe, n'kuwabwerera. Atakadandaula, amalume anayankha ali pa njinga yatsopano: "Kodi sanabweze? Chasowa n'chiyani?"

Mu Januwale tinkadya phala la gaga kamodzi patsiku. Amayi ankachoka m'mamawa kukapalira m'minda ya eni, ine n'kutsala ndi mng'ono wanga, amene anali asanakwanitse zaka ziwiri. Maenje aja anadzaza madzi obiriwira, ana a m'mudzi monse n'kumadzasambira. Ndinkadzitama kuti dziwelo ndi lathu, ndipo amene wandiputa ndinkamuletsa kulowamo. Tsiku lina ndinathokoza amalume potikumbira dziwe, amayi ali pomwepo. Sanandimenye. Bola akanandimenya.

Mng'ono wanga anasiya kulira. Tsitsi lake linafiira n'kukhala lofewa, masaya anatupa, mapazi anafufuma moti ukadina chala, kadzenje kankatsala. Ndinkasewera nako kadzenjeko, kudina uku, kudina uko, iye akungondiyang'ana.

Tsiku lina ndinapita naye kusukulu chifukwa panalibe womusiyira. Ndinamutsitsa pamaso pa aphunzitsi, ndili ndi chimwemwe.

"Taonani, aphunzitsi, ana a eni akuwonda koma wathuyu akunenepa!"

Aphunzitsi anaika choko pansi. Anagwira phazi la mwana, n'kundiuza kuti ndithamange ndikaitane amayi, apite naye kuchipatala ku Lisungwi tsiku lomwelo. Anapitadi, ndipo patapita masiku anayi amayi anabwera okha, nsalu yoberekera itapindidwa m'manja.

Koma tsiku limene ndinkathamanga kukawaitana lija, ndinali nditakwiya njira yonse. Ndinkaona kuti aphunzitsi ndi munthu wa nsanje, wosafuna kuyamikira mwana wonenepa m'chaka cha njala.