Chigoli Chimene Bambo Anga Anamwetsedwa

Bambo anga ndi telala. Akhala akusoka pakhonde la golosale ina ku Kawale kuyambira ine ndisanadziwe kuyenda. Asokera akwati, asokera azimayi a kutchalitchi mayunifomu, asokera ana asukulu amene lero akubweretsa ana awo pakhonde lomwelo. Koma mukafika ku Kawale n'kufunsa telala, akulozerani anthu ena. Mufunse goloboyi amene anamwetsedwa chigoli chija, ngakhale wa kabaza wobwera dzana kuchokera kumudzi akufikitsani pakhomo pathu.

Chigolicho chinamwetsedwa ine ndili khanda. Pabwalopo ndinalipo ndithu, koma kumbuyo kwa amayi, ndili mtulo, choncho umboni wanga palibe anaufunsapo. Anali masewero omaliza olimbirana chikho cha m'malokeshoni, timu ya ku Kawale ndi ya ku Biwi, pabwalo lafumbi la pasukulu. Bambo anali pagolo la Kawale. Ku Biwi kunali mnyamata wina wamatewe wovala jezi nambala naini, moti mpaka kukalamba kwake anthu ankangoti a Naini. Mpira utatsala pang'ono kutha, a Naini anamenya ali patali, ukonde unagwedezeka, mpira unapezeka m'kati, ndipo chikho chinapita ku Biwi.

Bambo ankanena zina. Maukonde a tsiku limenelo anali obwereka, chifukwa masiku wamba magolo ankakhala mitengo yokhayokha. Ukonde wa kugolo kwawo unali ndi bowo chakumbali, pamene panadya makoswe. Iwo ankati mpira unadutsa kunja kwa mtengo n'kulowera pabowopo. Anathamangira woimbira kuti adzaone, koma masapota a Biwi anali atadzaza kale bwalo, woimbirayo atamunyamula m'mwamba pamodzi ndi wezulo yake. Pamene anthu ankabalalika, eniake ukonde anali atamasula kale n'kupita nawo.

"Ine ndine telala," ankatero bambo. "Bowo ndimalidziwa."

Palibe ankawamvera. Ngakhale anzawo a timu imodzi ankati bola kugonja ndi chigoli chokongola, chifukwa nkhani yake imakambika pagulu.

Chigoli chimenechi chinakula limodzi ndi ine. Ndili kupulayimale, a Naini ankaumenya mpirawo ali kunja pang'ono kwa bokosi. Pamene ndinkalowa sekondale anali atabwerera m'mbuyo mpaka pakati pa bwalo. Nditayamba kupita ndi mwana wanga kukametetsa, mdala wina anandiuza motsimikiza kuti anaumenya ali pafupi ndi golo lawo lomwe, nsapato imodzi itavuka. Oonerera nawonso ankangochulukirabe. Bwalo lija ndi laling'ono, mbali ina kuli zimbudzi za sukulu, koma anthu amene anachiona chigolicho ndi maso awo sangakwane m'Kawale, Biwi ndi Area 23 mutaphatikiza. Ena mwa iwo chaka chimenecho anali asanapondepo m'Lilongwe.

Madala a kwathu nkhani ya mpira amaiyamba paliponse, koma imathera malo amodzi. Akhale akuonera mpira wa kunja pa kanema, wosewera wina aphonye, mumva, "Ana a masiku ano mpira sautha. Kungowakhudza, agwa, akugubuduka mpaka kwa oonerera. Ife tinkasewera pamiyala, magazi akutuluka, mankhwala ake madzi a m'ndowa." Wina awonjezere kuti mipira yakale inali yolemera, ikanyowa munthu ukaumenya ndi mutu umaiwala kwanu. Kenako wina apume mozama n'kuti, "Akanakhala a Naini pamene paja." Zikatero onse amatembenuka kufunafuna pamene akhala bambo anga.

Ine zinkandinyansa, ndisaname. Pa chinkhoswe changa, amalume a mwamuna wanga, bambo wa tayi wochokera ku Area 25, atauzidwa banja limene mwana wa mlongo wawoyo akukwatirako, anaimirira, kuwagwira dzanja bambo nthawi yaitali, n'kuti, "Ndiye ndinu eti? Pepani kwambiri, achimwene. Unali mpira wovuta." Za ine mkwatibwi sanafunse kalikonse.

A Naini eniakewo moyo sunawayendere. Atasiya mpira anagwirako ntchito zaulonda, apa kuchotsedwa, apo kusiya okha, ndipo mowa ankaukonda. Ankakhala m'kanyumba ka lendi ku Biwi ndi akazi awo, mayi wofatsa wogulitsa tomato pamsewu. Koma thalauza lawo likang'ambika, ankadutsa matelala onse a ku Biwi, wapansi, mpaka pakhonde pa bambo.

"Golo, dzanja lija linapola?" ankayamba choncho a Naini.

"Lipole chiyani? Mpira wodutsa kunja ndikanaugwira bwanji?"

"Kunja kwake kuti? Nanga unapezeka kuti?"

"Khalani pansi, mukunditchingira kuwala."

Anthu ankasonkhana kudzamvera, ngakhale mawu ake anali omwewo chaka ndi chaka. Ndikawabweretsera bambo chakudya chamasana ndinkapeza a Naini akadali pabenchi, thalauza litasokedwa kalekale. Bambo ankangowasunthira mbale kuti adyere limodzi, mkangano n'kumapitirira pakamwa pali podzaza.

Bambo sankafuna chikho, sankafunanso kupepesedwa. Ankafuna chinthu chimodzi basi: tsiku lina, anthu akumva, a Naini anene ndi pakamwa pawo kuti mpira unalowera pabowo. Ankakhulupirira kuti mnzawoyo akudziwa, popeza womenya mpira salephera kudziwa kumene wapita. "Adzanena," ankawauza amayi. "Akamakula adzanena." Amayi ankangoti, "Idyani, chakudya chikuzizira."

Chaka chatha m'nyengo yozizira a Naini anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa. Bambo anatseka makina, tinagula nthochi, ndinawaperekeza kukawaona. Tinapeza munthu atatha, miyendo yotchuka ija ili ngati timitengo pansi pa bulangete. Atationa anakodola bambo ndi chala kuti ayandikire. Bambo anasendera pafupi. Anawerama n'kutchera khutu pakamwa pa wodwalayo, ndipo inenso ndinasendera, poti tsopano panafunika mboni.

"Golo," ananong'ona a Naini. "Unachedwa kudumpha."

Sabata isanathe anamwalira.

M'mawa wa tsiku loika maliro, ine nditabwera kudzawatenga makolo anga, kunafika madala angapo a ku Biwi, masapota akalekale, wina atavala jezi yothina pamimba pamwamba pa shati. Anakhala pansi, kupereka moni mwaulemu, n'kunena kuti agwirizana kuti pamwambo pakhale wolankhula m'malo mwa anthu a mpira. Anati aganizaganiza ndipo aona kuti woposa bambo palibe, popeza chigoli chija iwo ndi amene anachionera pafupi kuposa wina aliyense. Ankanena ndi mtima woyera, akudziwa kuti abweretsa ulemu waukulu. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi beseni m'manja, ndipo ndinalakalaka kuwathira madzi otsukira mbale.

Bambo anavomera msanga, ndipo kufulumira kumeneko ndi kumene kunatiopsa. Analowa m'nyumba kukasita jekete.

Amayi anandikokera kuseri. "Bambo akowa akakanena za bowo lija pamaliro a eniake, ife m'Kawale muno tisamuka," anatero. "Ukakhale nawo pafupi. Akangoyamba, uwakoke jekete."

Tili panjira ndinayesa kuwafunsa. "Ababa, mukanena chiyani kumeneko?"

"Zoona," anatero, osandiyang'ana.

Nzeru ya amayi inathera pakhomo la siwa. Tonse tinaiwala kuti pamaliro azibambo amakhala kwawo, pamabenchi pansi pa tenti, ife azimayi pamphasa mbali ina. Pakati pa ine ndi jekete la bambo panali bokosi, abusa ndi kwaya yonse. Ndinakhala pansi pambali pa amayi n'kumangowaona chapatali, atakhala mowongoka, manja ali pamawondo.

Woyendetsa mwambo anayamba kuitana olankhula. Wa kubanja ananena kumene malemu anabadwira ndi matenda amene anadwala, kenako anasowa chonena n'kugwira nkhani ya chigoli. Mwini nyumba ya lendi anati malemu anali munthu wopanda ndewu, nayenso n'kugwira chigoli. Mkulu wa mpingo anati kutchalitchi malemu sankaoneka kawirikawiri, koma Mulungu anawapatsa mwendo. Ndinayang'ana mayi wamasiye. Anakhala chozyolika pafupi ndi bokosi, chitenje chitaphimba nkhope, koma chigoli chikatchulidwa ankadzutsa mutu pang'ono n'kuvomereza. Ana awo aamuna, amene m'mawa wonse ankayang'ana pansi, nawonso ankawongola misana. Apo m'pamene ndinamvetsa, ndipo mtima unandiwawa. Munthuyu sanasiye nyumba, sanasiye munda, sanasiye ngakhale njinga. Banjali linatsala ndi chigoli chokhacho, ndipo bambo anga anali atasita jekete kuti adzachichotse.

"Tsopano timve kuchokera kwa amene anamwetsedwa," anatero woyendetsa mwambo. Dzina la bambo sanavutike nalo.

Bambo anaimirira, kumanga batani la jekete, kupereka ulemu kwa abusa, kwa anamfedwa ndi kwa tonse. Kenako anati, "Tsiku limenelo maukonde anali obwereka."

Amayi anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa. Madala a m'tenti, amene nkhani ya bowo ankaidziwa pamtima, anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Abusa anatsegula Baibulo n'kulitsekanso.

"Ukonde wa kugolo kwanga ndinauyang'ana bwinobwino tisanayambe, popeza ine ndine telala," anapitiriza bambo, ndipo anaima. Anayang'ana kumene kunali mayi wamasiye. Mayiyo anali atachotsa chitenje kumaso, nawonso akuwayang'ana, osaphethira. Kumsewu kunadutsa minibasi, kondakitala akuitanira anthu a ku tauni, ndipo tonse tinaimva mpaka inazimiririka.

"Unali ukonde wabwino," anatero bambo. "Mpira unadutsa apa." Anakweza dzanja lamanja kuonetsa kampata pakati pa zala zawo ndi mtengo wa tenti. "M'kati mwa golo. Ine ndinangomva mphepo yake. Ndinakhala pagolo zaka zambiri, koma mpira ngati umenewo sindinauonenso. Zikomo."

Anakhala pansi. Mdala wa jezi uja anayamba kuomba m'manja, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro n'kubisa manjawo m'khwapa. Mayi wamasiye analira mokweza, kulira kwenikweni kumene anali asanalire chiyambire m'mawa. Amayi anandisiya mkono n'kukonza duku lawo.

Ine ndinakwiya, ndipo ndinadabwa nazo ndekha. M'mawa wonse ndinkapemphera kuti za bowo asanene. Atasiya kunena, ndinamva ngati awaberanso kachiwiri, ulendo uno ine ndili maso. Ndinayang'ana madala aja akugwedeza mitu mokhutira, wina akunong'oneza mnzake kuti mwamva, wavomera yekha, ndipo ndinawada onse.

Kumanda tinapita pa lole. Adzukulu atamaliza kukwirira, inafika nthawi yoika nkhata. Anaitana mayi wamasiye, ana, achibale, a mpingo. Pomaliza anaitana a mpira, ndipo madala aja anawapatsira bambo nkhata kuti akaike ndi iwo. Bambo anagwada, anaiika bwinobwino pamtumbira, koma sanadzuke. Anthu anadikira poganiza kuti akupemphera. Abusa anatsokomola. Kwaya inamaliza nyimbo n'kuyambiranso ndime yoyamba. Ine ndimadziwa kuti mawondo awo amavuta, ndiye ndinaswa mwambo, kudutsa pakati pa azibambo, n'kukawagwira m'khwapa.

Sanali mawondo. Ankalira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'kolala ya shati.

"Ababa, dzukani," ndinanong'ona. "Mwachita bwino."

"Si zimenezo, mwana wanga," anatero, maso ali pamtumbira. "Tsiku lija munthu uyu anandimenyera mipira yambiri. Wina ndinautulutsa ndi nsonga za zala, wina ndi bondo, wina ndinakaugwirira pamapazi pake penipeni. Tikatsala awiri pakhonde ankandiwerengera yonse, umodziumodzi, mmene ndinadumphira. Anthu onsewa amakumbukira umodzi wokha uja. Imene ndinagwira ankaidziwa ndi iye yekha."

Ndinafuna kuwauza kuti ife tilipo, koma mwa mipira imeneyo sindinkadziwapo ngakhale umodzi. Ndinawadzutsa, kuwasasa dothi lofiira m'mawondo, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kupita kumene kunaima lole.