Mikuyu ya Kukasupe

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsinzina pamphasa pakati pa amayi oimba usiku wonse kungatchedwe kugona. Mtima sunali m'malo. Linali tsiku loika alongo anga kwathu ku Luembe, mwezi wotentha uja wa Okutobala.

Dzuwa lisanakwere anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena palole yochokera ku Nyimba, fumbi mpaka m'nsidze. Moto unayaka pamafuwa onse, migolo ya madzi nkumangotha. Ine ndinali uku ndi uku, osadziwa chomwe ndikufuna.

Ndipamene ndinaona adzukulu, okumba manda aja, akutsikira kukasupe nkhwangwa zili paphewa. Kwathu bokosi silithiridwa dothi pamwamba pomwe, amayamba ayalapo mitengo. Ndipo mitengo yapafupi inatsala kukasupe kokha.

Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Tili ana, ine ndi alongo angawo tinkafukula mchenga mumtsinje wouma, nkumadikira timadzi tamatope kuti tidzaze mbale. Ndinkamwa theka, iwo theka. Tsiku lina ndinakomoka ndi ludzu, iwo nkundibereka mpaka kunyumba. Atakula anadzala mikuyu kuzungulira kasupe, nadana ndi owotcha makala onse a m'mudzi. Ngakhale ine, ku Petauke komwe ndimakhala, mpopi ukangodontha nyumba yonse imandimva.

"Lelo chabe, amai," anatero mkulu wa adzukulu nditawaletsa kudula mikuyuyo. "Ni mitengo yao yomwe. Manje tiwaike bwanji?"

"Mukadula umodzi lelo, mailo anthu abwela na masaka a malasha," ndinayankha.

Ndinkachita mantha, sindibisa. Adzukulu sakanizidwa. Akapsa mtima amasiya dzenje lili theka, maliro nkugonanso. Anaika nkhwangwa pansi, nakhala pamthunzi osandiyang'ana.

Kenaka ndinamva anthu akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Anali alamu anga, akazi a malemuwo, amene samayenera kutuluka m'nyumba thupi lisananyamulidwe. Anabwera opanda nsapato, amayi awiri atawagwira m'manja.

"Gwetsani khola," anatero. "Ng'ombe zigona panja."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka kale. Kumwamba kunali timitambo tonama, topanda dontho. Kwaya inali patsogolo, bokosi pakati, kumbuyo anyamata atasenza mitengo yakhola yonunkha ndowe. Ena ankaseka chamumtima, ndinawaona. Pobwerera, khamu lonse linatsikira kukasupe kukasamba m'manja ndi kumapazi, oseka aja ali momwemo, ndipo madzi anakwanira aliyense.

Madzulo lole inapita, mapoto anabwezedwa kwa eni ake. Ng'ombe zinaima pomwe panali khola, zosokonezeka ngati ife. M'nyumba munali zii. Alamu ananditungira madzi a kukasupe mukapu, ozizira bwino. Ndinamwa theka, nkutembenuka kuti ndipatsire alongo anga.