Gitala Imene Bambo Anasankha ndi Mkono

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo anandigulira gitala, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimapukusa mutu.

Kuimba gitala ndinaphunzira kwa aphunzitsi ena ochokera ku Dedza amene ankagwira ntchito pasukulu yathu ku Misuku. Anzanga akaweruka, ine ndinkatsalira n'kumaonetsedwa poika zala. Chaka chisanathe ndinkatha kuimbira kwaya ya kutchalitchi kwathu nyimbo zisanu ndi imodzi osaphonya. Kenako aphunzitsiwo anasamutsidwa, gitala yawo n'kupita nawo, Khirisimasi itatsala mwezi umodzi. Chaka chimenecho khofi wa bambo anayenda malonda, choncho anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti pa Khirisimasi mwana wawo adzaimba ndi gitala yakeyake.

Tinatsikira ku boma la Chitipa tili atatu pamwamba pa lole ya nthochi: bambo, malume anga amene anali kalipentala, ndi ine. Akuluakulu awiriwa anali asanagwirepo gitala chibadwire.

Sitolo inali ya munthu wa ku Mulanje amene ankapikula katundu ku Tanzania. Anatilonjera ndi "monire" wochita kuphunzira, n'kutiloza magitala atatu amene anapachikika pamisomali pamwamba pa mawailesi. Kwathu mwana sagwira katundu m'sitolo, ndipo akulu akamakambirana malonda saponyapo mawu. Ndinaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo.

Ndili pomwepo ndinaiona yoyenera. Inali yaing'ono, yofiirira, nsambo zake zitagona pafupi ndi khosi. Aphunzitsi anandiuzapo kuti pakati pa nsambo ndi khosi la gitala pazingokwana kamtengo ka machesi, kupitirira pamenepo zala zimalira. Bambo anainyamula ndi dzanja limodzi, n'kuikweza ndi kuitsitsa monga amachitira ndi thumba la khofi asanapite nalo kusikelo. Anapotoza milomo, akuti munali mphepo yokhayokha. Malume anaigogoda kumsana n'kugamula kuti thabwa lake n'lopyapyala, chinyezi cha ku Misuku chiidya dzinja limodzi.

Yachiwiri inali yamagetsi. Mwini sitolo sanabise kuti popanda magetsi ndi sipika imangonong'ona, ndipo nkhani yake inathera pomwepo.

Yachitatu inali chimphona chakuda chopakidwa vanishi wochindikala. Bambo atainyamula, nkhope inawala. Malume anaikanda ndi chikhadabo, anafufuza molumikizira monse, n'kunena kuti imeneyi munthu atha kuikhalira.

"Bambo, bwanji mnyamatayu aiyeseko kaye?" anatero mwini sitolo. "Woimba ndi iyeyu."

"Akayesa kunyumba," anayankha bambo. "Akadula waya kunoko, mlandu ukhala wa ndani?"

Atatero anatembenukira kwa ine, gitala ili m'mwamba, n'kundifunsa ngati yandikondweretsa. Danga la pansi pa nsambo ndinkaliona bwinobwino. Munkatha kulowa chala changa chaching'ono, osati machesi. Maso onse anali pa ine.

"Yewo, adada," ndinatero pothokoza.

Milungu itatu yotsatirayo ndinalimbana nayo kuseri kwa nyumba. Kuti nsambo ikhudze khosi ndinkafinya mpaka mkono kunjenjemera. Nsonga za zala zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Mawu a gitalayo anali ngati munthu akugogoda mgolo wodzaza madzi. Nditaitengera kwa malume, anaigoneka, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khosi lake m'litali, monga amachitira ndi thabwa lililonse asanalipale. Anati linali lopindika ngati uta ndipo panalibe chochita. Ndinafuna kuwafunsa kumene diso limeneli linali tsiku la kusitolo, koma malume safunsidwa motero.

Pa Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Nyimbo yoyamba ndinaifikitsa pakati, kenako zala zinakana. Nsambo zinayamba kulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Mayi amene ankatsogolera kwaya anandiyang'ana kamodzi, anakweza manja, ndipo anthu onse anayamba kuwomba mwamphamvu. Nyimbo zisanu zotsalazo ndinangoyendetsa dzanja mumphepo osakhudza nsambo, thukuta lili kamukamu. Titatuluka ndinapeza bambo pakhomo akugwirana chanza ndi anthu, akufunsa aliyense ngati waimva gitala.

Gitalayo ilipobe, yapachikika pabalaza kwa bambo. Tsiku lina ndinaiika pasikelo ya khofi, inalemera makilo atatu ndi theka. Ndikapita kumudzi bambo amailoza n'kundikumbutsa kuti zaka zonsezi sinathyokepo. N'zoona. Chinthu chosaimbidwa chingathyoke bwanji?

Kwa zaka zambiri ndinkaimba mlandu bambo ndi malume. Koma iwo anayesa gitala ndi muyeso umene ankaudziwa, wina wa khofi, wina wa mipando. M'sitolo muja munali munthu mmodzi yekha wodziwa za kamtengo ka machesi. Anafunsidwa, ndipo anathokoza.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anapempha gitala, ndipo tinakalowa m'sitolo ina ku Mzuzu. Panjira ndinalumbira mumtima kuti ine ndikangoima pachitseko. Sindikudziwa kuti zinayenda bwanji, ndinangozindikira gitala ili m'dzanja langa, ndikuikweza ndi kuitsitsa.

"Adadi, mukugula nyama?" anafunsa mwanayo.

Ndinamupatsa gitalayo, manja anga n'kuwabisa kumbuyo. Anayesa magitala anayi, anawakana onse, ndipo tinatuluka osagula kanthu.