Miyezi Yowerenga Chobwerera

Ndine namwino, ndipo ndakalambira m'wodi ya anthu ovulala m'mutu ku Wolverhampton. Choncho pa zimene ndikufuna kunenazi sindinganamizire umbuli.

Titangofika kuno tinkakhala m'kanyumba kena ku Aston, ine ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka zisanu ndi ziwiri. Unamwino wanga wa kwathu sanaukhulupirire msanga, anati ndilembenso mayeso. Wodwala woyeserera ndinalibe, ndiye ndinkamukhazika mwanayo pampando wa kukhitchini, kumuunika m'maso ndi katochi, n'kumamufunsa mafunso amene timafunsa munthu akamenyetsa mutu. Lero ndi lachingati? Pano uli kuti? Tchula miyezi chobwerera m'mbuyo. Kwa iye anali masewera. Ankayimba Disembala, Novembala, Okutobala posamba ndi pomanga nsapato, mpaka ine kumukalipira kuti akundisokosera.

Hoke ya pa ayezi anaitola kwa mnzake wa kusukulu. Osewera ake amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, n'kumatsetsereka pamadzi oundana, kulimbirana kampira kakuda kaphwatalala ndi ndodo, ndipo kugundana n'kololedwa. Amayi a kutchalitchi ankandiseka. "Asisi, ana a anzanu akumenya mpira, inu wanu mwakamutsekera mufiriji?"

Ndinatopa nayo hokeyo, ndisaname. Chikwama chake chinkanunkha ngati mbuzi yonyowa. Mabasi awiri kupita, awiri kubwera, kenako kukhala pabenchi yozizira mapazi atatupa ndi shifiti. Koma mwanayo ankatha, ndipo asanakwane zaka makumi awiri timu ina inamulemba ntchito. Inakhala ntchito yeniyeni, ngakhale ankamulemba chaka chimodzichimodzi: chaka chino kumpoto, chaka chamawa kutsidya la nyanja, kenako anabwerera kufupi nafe. Mano awiri akutsogolo anatsala komweko pa ayezi.

Pamasewerawa pali lamulo labwino. Wosewera akamenyetsa mutu amamutulutsa, dokotala wa timu n'kumufunsa mafunso. Akalephera amakhala pansi milungu ingapo, ndipo pamene iye ali pansipo, wina amakhala akutenga malo ake.

Lamlungu lina masana ndinapita kukamuonera. Chimunthu china chinamukankhira kukhoma, mutu n'kuyamba kufika. Anadzuka mochedwa, n'kulunjika kubenchi ya timu ya eni ake. Mayendedwe amenewo ndimawaona kuntchito. Anamutulutsa. Pasanathe nthawi ndinangoona uyo wabwereranso, anthu akumuombera m'manja.

Tili m'galimoto ndinamufunsa kuti, "Iwe, dokotala uja wakulola bwanji?"

Anaseka ndi mpata wake wa mano uja. "Mum, miyezi ija. It's easy. Munandiphunzitsa ndinu."

Anati aka sikanali koyamba. Mwina kachinayi, mwina kachisanu, sankakumbukira bwino. Mutu ukhoza kumazungulira, maso kuona ziwiriziwiri, koma nyimbo ya kukhitchini ija inkatuluka yokha.

Ndinalalata njira yonse. Ndinamuuza kuti mawa lomwe ndikamuuza dokotalayo. Iye anangoyang'ana pawindo n'kunena kuti, "Mukatero, that's my job gone, Mum."

Sindinapite. Ndinadziuza kuti ndi munthu wamkulu, mutu ndi wake. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti asiya kubwera kwanga, ndipo kuno ndilibe wina. Kuntchito ndinkalangiza amayi a eni ake kuti mutu sabisa, ine ndikubisa wa mwana wanga. Anaseweranso zaka zitatu.

Pano anasiya, ndipo tikukhala tonse. Amagwira ntchito yonyamula makatoni masiku amene mutu wamulola. Kuwala kumamupweteka, phokoso la ana limamukwiyitsa. Tsiku lina anakwera tiramu, kasitima ka m'tauni, mpaka ku Birmingham, n'kundiimbira foni kufunsa kuti kodi wapitako kukatani. Ine ndimati pofika msinkhu uno ndidzakhala ndikupuma, koma ndikuwerengeranso munthu mapiritsi kunyumba ndikaweruka.

Mwezi wathawu ndinamuperekeza kuchipatala. Namwino wake anali mtsikana waulemu, watsopano pantchito. Anamuunika m'maso, kenako anati atchule miyezi chobwerera. Mwana wanga anawongoka pampando, nkhope n'kuwala. Disembala, Novembala, Okutobala, mpaka Januwale, osaphonya, ndi kayimbidwe komwe kaja. Mtsikanayo anamwetulira n'kuyamba kulemba kuti zili bwino.

Ndinamugwira dzanja la cholemberalo. "Musalembe zimenezo, mwanangu. Miyeziyo ndinamulowezetsa ndine. Mufunseni kuti wadya chiyani m'mawa uno."

Anamufunsa. Mwana wanga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anatembenukira kwa ine, monga ankachitira pampando wa kukhitchini uja akafuna kuti ndimunong'oneze yankho. Linali phala la mtedza, ndipo anachita kupempha lowonjezera. Sindinamunong'oneze.