Kanthu Kamene Ndinkavala M'khosi

Nditayamba ntchito yokiliya katundu pa boda ya Mchinji, abwana anandipatsa kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chala. Ankakatchula kuti tokeni. Ukakasomeka pa kompyuta n'kulemba nambala yako yachinsinsi, kamasainira mapepala a msonkho wa katundu m'dzina lako. Popanda iko, thiraki sidutsa. Abwanawo ananeneratu kuti tsiku lomwe kadzasowe, inenso ndidzasowe pa ofesipo. Choncho ndinakamangirira kachingwe n'kumakavala m'khosi, m'kati mwa bulauzi.

Amayi atabwera kudzandiona kuchokera kwathu ku Guilleme, anakaona ndikusintha zovala ndipo anafunsa kuti n'chiyani. Ine ndi pakamwa panga pothamangapa ndinangoti, "Musakakhudze, ntchito yanga yonse yagona pamenepa."  Amayi anatuluka n'kukasesa pabwalo pomwe anali atasesa kale.

M'mawa wa tsiku lomwe ankabwerera kumudzi, ndinakakoleka pamsomali kuchipinda n'kupita kukasamba. Pobwera, amayi kulibe, pamsomali mbee. Ndinagwedeza zofunda, ndinakhuthula ngakhale thumba la makala. Foni nayo siinkapuma, chifukwa mathiraki a feteleza anali atandanda kale pageti. Dalaivala wina wa ku Chipata anandifunsa, "Mami, manje tizagona pano?" 

Anandipulumutsa ndi mayi woyandikana naye nyumba. Anati anawaona amayi anga akufunyika kanthu kunsonga kwa chitenje, akunena kuti akupita nako kwa abambo mfumu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kwa iwo kanthu kovala m'khosi, kobisa, kosakhudzidwa ndi wina, ndi chithumwa basi. Ndipo kwathu zithumwa zikafika kutchalitchi amazitentha.

Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, njira yonse ndikukonza mawu oti ndikawakalipire. Ndinawapeza amayi atakhala pansi pakhonde la abambo mfumu, pambali pawo mbaula ili ngwee, yomwe anakoleza okha. Abambo mfumu anali atakagwira kanthu kanga, akukatembenuzatembenuza.

"Mwafika bwino," anatero akumwetulira. "Ndimawauza amayiwa kuti asing'anga athu sanayambe kupanga mankhwala osomeka pa kompyuta."

Ndinangokhala pa sitepe. Ndinaseka mpaka misozi, mawu onse ndinakonza aja osadziwika komwe analowera. Ndinaimbira madalaivala kuti asadandaule, adutsa dzuwa lisanalowe.

Amayi sanaseke nawo. Anadikira nditseke foni.

"Ndiye sunapite kwa sing'anga?"

"Ayi, amayi. N'ka ku ofesi. Mukanakatentha, bwenzi lero atandichotsa ntchito."

"Zimenezo ndimazidziwa, unandiuza wekha," anatero, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ndinati bola ntchitoyo ithe, ubwere tizilima limodzi mtedza, koma mwana wanga ndikhale naye."