Mpeni umene ndinanola osauza munthu

Chala cha mwana wanga sichipindika, ndipo chinafika pamenepo chifukwa cha ine. Ndalemba izi kuti inu owerenga musadzachite zomwe ndinachita.

Tinkakhala ku Nsungwi m'nyumba ya lendi, matipate atangoyamba kumene. Amuna anga ankagwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Ine ndinali ndi satifiketi ya zophikaphika ya ku koleji koma ntchito inali isanapezeke, ndiye ndinkakhala pakhomo ndi Tawonga, mwana wathu wamkazi wa zaka zitatu. Tinalinso ndi apongozi anga aakazi, amene anabwera kuchokera ku Rumphi kudzaonetsa maso awo kuchipatala.

Ndinali mayi wamantha. Madzi a Tawonga ndinkawiritsa, mbaula ndinkayatsira kuseri kwa nyumba, mankhwala ndinkaika pamwamba pa kabati. Koma mpeni wa m'nyumba mwathu sindinkauwerengera. Unali wobuntha moti tomato unkangomufinya. Apongozi akamadya nzimbe pakhonde, Tawonga ankalira kuti nayenso asende, iwo n'kumupatsa mpeniwo kuti azikanda nawo kachidutswa. Ndikadandaula ankaseka. "Make Tawonga, uwu ndi mpeni kapena supuni? Ngakhale nthochi ukuilephera."

Tsiku lina amayi a kumpingo anatumiza uthenga woti abwera masana kudzazonda apongozi. Ndinafuna kuwadulira kabichi wopyapyala ngati momwe tinkachitira ku koleji. M'mawa apongozi akusamba, ndinatenga mpeni uja. Ndinayamba kuunola m'mphepete mwa simenti ya khonde. Kenako ndinaupititsa pamwala wosalala, ndikudonthezera madzi, mbali iyi kenako mbali inayo, osafulumira. Ndinamalizira kunsi kwa kapu yadothi ndi pa lamba wachikopa wa amuna anga. Nditauyesa pamkono, unameta cheya. Ndinasangalala, inu owerenga, sindibisa.

Ndinautsuka n'kuubwezera m'beseni la mbale momwe unkakhala masiku onse, n'kunyamula ndowa kupita kumpopi. Sindinauze munthu. Chogwirira chinali chomwecho, ndipo maso a apongozi sakanaona kuti kukamwa kwa mpeniwo kwayamba kunyezimira.

Pobwera ndinapeza apongozi atagwada pansi, atakulunga dzanja la Tawonga m'duku lawo. Nzimbe inali pafumbi. Mwanayo anali atasiya kulira, akungotsegula pakamwa. Ndinatula ndowa bwinobwino osataya madzi. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinatha bwanji.

Tawonga ndinamubereka kumbuyo mpaka pamsewu waukulu. Kondakitala wa minibasi ataona magazi anakuwa, "Sunthani apo, akulu, mayiwa akhale kutsogolo!" Njira yonse ndinkangoyang'ana galasi long'aluka la minibasiyo. Kuchipatala anasoka bala, koma adokotala anati mtsempha wa chala chamkombaphala waduka, ndipo chalacho chikhoza kudzatsala chowongoka. Ndinawathokoza ngati andipatsa chinthu.

Amuna anga atafika kuchokera kuntchito anafunsa funso limodzi lokha, kuti wanola mpeniwo ndani. Apongozi anayankha msanga kuti ndiwo anamupatsa mwana. Ine ndinati wonola ndine. Palibe anakalipa. Mwina akanakalipa ndikanalira. Apongozi anabwerera ku Rumphi asanamalize za maso awo, ndipo tikapita kukacheza sayang'ana dzanja la mdzukulu wawo.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, m'nyumba zathu tinazolowera mipeni yobuntha, ndipo manja a aliyense anazolowera kukanikiza. Mukanola mpeni muuze aliyense wa pakhomopo, wamkulu ndi wamng'ono, musanausiye pansi. Muusinthirenso malo. Ndipo mwana musamupatse mpeni, ngakhale umene mumauseka.

Tawonga tsopano wayamba sukulu. Pensulo amagwira ndi zala zina, chija chitaloza kutsogolo. Nthawi zina pakudya amachiyang'ana n'kundifunsa, "Amayi, ndikadzakula chidzapindika eti?" Ndimamuuza kuti adye, chakudya chikuzizira.